Khanda likatupa mimba ndi kusanza zobiriwira, musadikire kuti kuche

Akonzi,

Ndikupempha kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi agogo anzanga, apongozi, azakhali ndi onse amene timakhala pambali pa mayi wongochira kumene, chifukwa zochitika m'chikuta timalamula ndife. Ndine mayi wa zaka 61. Ndinaphunzitsa ku pulaimale mpaka kupuma ntchito, ndinabereka ana asanu, ndipo adzukulu amene ndinawasambitsa ndi manja angawa ali makanda ndi asanu ndi awiri. Ndinkakhulupirira kuti pa nkhani ya makanda palibe angandiuze kanthu. Chaka chatha, m'nyengo yozizira, ndinatsala pang'ono kukaika mdzukulu wanga wamng'ono, ndipo zina mwa zimene zinamufikitsa pamenepo zinadutsa m'manja mwanga momwemu.

Mwana wanga wamkazi anachira mimba ili ndi miyezi 7. Kamwanako kanabadwa kolemera makilogalamu 1.4, ndiye kuti paketi imodzi ndi theka ya shuga ikanakaposa. Khungu lake linali lopyapyala moti timitsempha tinkaonekera, ndipo mwendo wake unali ngati chala changa chachikulu. Atakhala masiku angapo m'chipinda cha ana odwalika, anatisamutsira ku wodi ya kangaru, kumene mayi amamangirira mwana pachifuwa, khungu kukhungu, usana ndi usiku. Mayi wake akatopa kapena akapita kosamba, ndinkamumanga ndine, ndi chitenje changa cha ku Mvano. Kuyamwa sankatha bwino, choncho mayi wake ankafinyira mkaka m'kakapu, ife n'kumamumwetsa pang'onopang'ono maola awiri aliwonse. Anamwino a m'menemo ankagwira ntchito yoposa mphamvu zawo. Usiku wina ndinawerenga makanda oposa makumi awiri pa namwino mmodzi. Patatha milungu iwiri mwana anayamba kukwera sikelo ndipo anatitulutsa. Anatiuza kuti tizimufunditsa, tisamuchotse pachifuwa, tizimumwetsa pafupipafupi, ndipo tibwerenso kudzamukweza sikelo. Zonsezo ndinazisunga. Za mimba yake palibe amene anatchulapo.

Titafika kunyumba mkaka wa mayi wake unayamba kuchepa. Anali wotopa, sankagona, chakudya sichinkamulowa, ndipo akafinya kwa nthawi yaitali munkangotuluka timadontho tosakwana n'komwe kuphimba pansi pa kapu. Obwera kudzaona mwana aliyense ankanena zake: "Mwanayu mumupha ndi njala." Mawu amenewo anandilowa. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri, ndinapita pa tauni yathu n'kukagula chitini cha mkaka waufa wa ana ndi botolo la nsonga ya mphira. Ndinabwera nazo monyadira, ndikudziona ngati gogo wosamala. Madzi ndinkawiritsa m'mawa n'kuwathira m'fulasiki, ndipo pofika madzulo anali atangotsala ofunda. Ndinkasungunula mkakawo ndi madzi omwewo. Mwana akasiya wina m'botolo usiku, sindinkataya, chifukwa ndinkadziwa mtengo wa chitini chija. Ndinkauika pawindo kuti adzamalize m'mamawa. Botolo ndinkalitsukuluza ndi madzi ndi sopo, koma m'kati mwa nsonga ija chala changa sichinkafikamo.

Tsiku lachinayi mwana anayamba kukana. Ukamuika nsonga m'kamwa ankangoilavula. Sankalira mokweza monga kale, ankangobuula ngati kamwana ka mphaka. Madzulo ndikumusintha thewera ndinaona kuti mimba yake yatupa, yalimba ngati ng'oma, khungu lake likunyezimira, ndipo nditaigwira pang'ono anakwinya nkhope. Thupi silinatenthe ayi, m'malo mwake manja ndi mapazi zinali zozizira ngakhale anali pachifuwa pa mayi wake. Zimenezi zinandinyenga kwambiri, chifukwa ife tinazolowera kuti matenda oopsa amabwera ndi kutentha thupi. Cha m'ma 10 koloko usiku anasanza. Sunali mkaka wobwerera uja timaudziwa tonse. Zinali zobiriwira, ngati ndulu ya nkhuku ikaphulika pamene ukutumbula. Ndinaunika ndi tochi ya foni m'thewera ndipo ndinaona timizere ta magazi tosakanikirana ndi chimbudzi, tochepa kwambiri moti munthu wosayang'anitsitsa sakanationa.

Usiku umenewo m'nyumba munali azimayi anayi akuluakulu, ndipo tinakambirana mpaka tambala woyamba. Wina anati ndi mpweya chabe, tim'patse timadzi ta m'botolo tija timagula m'golosale toti ana asamapotokole m'mimba. Wina anati kutupa kotereku ndi tsempho, ndipo maso onse anatembenukira kwa mkamwini wanga amene anali atakhala pakhonde atagwira mutu. Anayamba kumufunsa kumene anagona sabata imene tinali kuchipatala. Wina anatchula dzina la mayi wina wodziwa zitsamba kutsidya kwa dambo. Ine ndinati tidikire kuche tione mmene adzukire, poti usiku njinga yamoto imakwera mtengo komanso kunkazizira kwambiri. Mawu anga ndi amene anamveka, chifukwa ndinali wamkulu. Tinataya maola asanu ndi awiri.

M'mamawa mwana anali lende, akupuma modukizadukiza. Mkamwini wanga sanafunsenso munthu, anangoitana wa kabaza. Pa chipatala chaching'ono atangoona mimbayo ndi nsalu imene anasanzirapo, imene mwamwayi ndinaitenga, anaitanitsa ambulansi, ndipo madzulo a tsiku lomwelo tinali pa chipatala chachikulu. Anamujambula pa X-ray. Dokotala wina wachitsikana, wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anandiitana nandionetsa chithunzicho pa kuwala kwa windo. Analoza timadontho takuda tondandana m'mbali mwa matumbo nati umenewo ndi mpweya umene tizilombo tapanga m'kati mwa khoma la thumbo lenilenilo, malo amene mpweya suyenera kupezeka. Anandiuza dzina la matendawa, necrotizing enterocolitis, ndipo anati pakati pawo amangoti NEC. Ndinamupempha kuti andilembere m'kabuku ka kuchipatala kuti ndisaiwale.

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo, ndi zimene ndakhala ndikuwerenga kuchokera pamenepo mothandizidwa ndi mdzukulu wanga wamkulu pa intaneti, ndi izi. Matumbo a mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala osakhwima. Khoma lake ndi lopyapyala, magazi safikako mokwanira nthawi zonse, ndipo chitetezo cha m'thupi chimakhala chisanadziwe kusiyanitsa tizilombo tabwino ndi toipa. Mabakiteriya akachulukana m'matumbo otere amalowa m'khomalo, thumbo limatupa, ndipo mbali ina imayamba kufa ndi kuola mwana ali moyo. Zikapitirira, thumbo limabooka, zonyansa n'kutayikira m'mimba monse, tizilombo n'kulowa m'magazi. Zonsezi zimatha kuchitika m'maola owerengeka. Mwa ana 10 amene amadwala matendawa, pafupifupi 9 amakhala obadwa masiku asanakwane, makamaka olemera mosapitirira makilogalamu 1.5, ndipo kawirikawiri amayamba m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, nthawi imene achibale tayamba kupumira m'mwamba poganiza kuti zoopsa zadutsa. Ngakhale m'mayiko olemera, kumene kuli makina onse, mwa ana 10 odwala matendawa awiri kapena atatu amamwalira.

Ndinamufunsa dokotalayo mosabisa ngati chitini changa chija ndicho chachititsa. Anandiyankha mwaulemu kuti gwero lalikulu ndi kubadwa msanga, ndipo pali ana ena amene amadwala ngakhale akumwa mkaka wa mayi wawo wokha, koma kuti mkaka wa m'chitini umawonjezera chiopsezo kwambiri kwa mwana wamng'ono chotere. Sanandikalipire. Pambuyo pake ndinapeza kuti zimenezi zinadziwika kalekale. M'chaka cha 1990 akatswiri awiri a ku England, Alan Lucas ndi Tim Cole, anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zotsatira za kafukufuku wa ana 926 obadwa masiku asanakwane. Anapeza kuti matendawa ankagwira ana omwa mkaka wa m'chitini wokha kuwirikiza ka 6 mpaka ka 10 poyerekeza ndi omwa mkaka wa m'mawere wokha. Papita zaka zoposa 30 chidziwikire zimenezi, ndipo ine mphunzitsi, wodziwa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi, ndinazimva koyamba mdzukulu wanga ali pa diripi.

Chithandizo chake ndi chimene chinatipweteka mtima koposa. Anati mwana asalawe kanthu kalikonse pakamwa, ngakhale dontho la mkaka wa mayi wake, kuti matumbo apume. Anamulowetsa kachubu m'mphuno kofika m'mimba kuti kazitulutsa mpweya ndi madzi obiriwira aja, anamuika diripi pa kadzanja, ndipo ankamubaya maantibayotiki kudzera m'mtsempha. M'mawa uliwonse namwino ankayeza mimba yake ndi tepi ngati ya telala n'kulemba nambala. Ine ndinafika poloweza manambalawo kuposa tsiku langa lobadwa. Madokotala a opaleshoni ankabwera kudzamugwira mimba, ndipo anatiuza kuti thumbo likabooka adzafunika kumung'amba, kudula mbali yowolayo, mwinanso kutulutsira thumbo pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo kwa miyezi ingapo. Masiku khumi anakhala osadya. Pofika tsiku lachitatu atayamba kupeza mphamvu, ankatsegula kakamwa kufunafuna bere, mayi wake ataima pambali mawere akuwawa, akungolira.

Apa ndi pamene pali nkhani imene yandichititsa kutenga cholembera. Anamwino anamuuza mwana wanga kuti asasiye kufinya, maola atatu aliwonse, usana ndi usiku, kuti mkaka usaume. Anamuonetsa kafinyidwe koyenera, kugwira kumbuyo kwa pakuda paja osati kukoka nsonga, anamuuza kuti azidya ndi kumwa mokwanira, ndipo ine ndinkamuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro kumalo ophikira magadiyani. Mkaka umene tinkati watha uja unabwerera. Pofika tsiku lachisanu ankadzaza kapu. Unali usanathe n'komwe. Unkangofuna kufinyidwa kawirikawiri ndi mayi wopeza mpumulo, ndipo ine m'malo momuthandiza zimenezo ndinathamangira kusitolo. Koma poti mwana sankaloledwa kumwa, ndipo panalibe pousungira, mkakawo ndinkautenga ine n'kukauthira m'sinki. Kapu yodzaza, yofunda, kasanu ndi katatu pa tsiku.

Kabedi koyandikana ndi ka mdzukulu wanga kanali ka kamnyamata kobadwanso masiku asanakwane, kamene mayi wake anamwalira pochira. Ankakasamalira ndi mtsikana wa zaka mwina 17, mng'ono wake wa malemuyo, amene sanaberekepo. Kameneko kankamwa mkaka wa m'chitini chifukwa panalibe njira ina. Tsiku lina mtsikanayo anandiona ndikupita kusinki ndi kapu, nandiyang'ana, inenso ndinamuyang'ana, ndipo tonse tinadziwa chimene mnzake akuganiza. Ndinakafunsa namwino ngati tingapatse kamnyamatako mkaka umenewu. Anati sizingatheke popanda kuyeza magazi a woperekayo ndi kuutenthetsa mkakawo mwa njira yake, ndipo anali kunena zoona, chifukwa HIV ndi matenda ena amatha kudutsira mu mkaka. Ndinakathira m'sinki. Patapita masiku atatu ndinafika m'mawa n'kupeza pa kabedi kaja pagona mwana wina, mtsikana uja kulibe.

Akonzi, kale mayi akamwalira kusiya khanda, mbale wake kapena gogo ankaliika kubere, ndipo ana ambiri anakula choncho. Mwambo umenewo unatha ndi kubwera kwa Edzi, ndipo m'pomveka. Koma mayiko ena anapeza njira yobwezeretsa chifundo chomwecho mosaika mwana pa chiswe. Ali ndi nkhokwe za mkaka wa m'mawere m'zipatala: mayi amene ali ndi mkaka wochuluka amayezedwa magazi, amafinya, mkakawo amautenthetsa pa madigiri 62.5 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, amauumitsa m'firiji, n'kumapatsa makanda obadwa msanga amene amayi awo amwalira, adwala kapena mkaka sunayambe kutuluka. Dziko la Brazil ndi limene lili ndi nkhokwe zotere zambiri padziko lonse. Ku South Africa zilipo kwa zaka zoposa 20. Ku Kenya anatsegula yoyamba m'chaka cha 2019 pa chipatala cha amayi cha Pumwani mu mzinda wa Nairobi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena momveka kuti mwana wobadwa wochepa thupi akasowa mkaka wa mayi wake, chotsatira chabwino ndi mkaka wa mayi wina woperekedwa mwa njira imeneyi, chitini chizibwera pambuyo. Ife tili ndi chifukwa chachikulu kuposa ambiri choganizira zimenezi. Lipoti la Born Too Soon la m'chaka cha 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 mwa 100 aliwonse. Tinasonyezanso kale kuti tikafuna timatha. Chisamaliro cha kangaru chinayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ife tinachilandira, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali m'gulu la zipatala za m'mayiko asanu zimene zinachita kafukufuku amene anatuluka mu 2021, wosonyeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kumachepetsa imfa za ana ochepetsetsa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati tinatha kuphunzitsa dziko lonse zimenezo, chipinda chimodzi chokhala ndi firiji ndi makina otenthetsera mkaka pa chipatala chachikulu chilichonse sichingatikanike. Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu athu a komiti ya zaumoyo kuti nkhani imeneyi aiike patebulo. Amayi opereka adzapezeka. Mwana wanga akanakhala woyamba pa mzere.

Ndisanamizire kuti mkaka wa m'chitini ndi poizoni. Pali ana amasiye ndi ena amene moyo wawo wadalira chitini, ndipo owalera sayenera kunyozedwa. Koma pali chinthu chimene ambiri sitidziwa: ufa umenewo, ngakhale chitini chikhale chomata bwino, si wopanda tizilombo. Nthawi zina umachoka ku fakitale uli kale ndi mabakiteriya monga Salmonella ndi Cronobacter. Kumapeto kwa 2017 kampani ya Lactalis ya ku France inayamba kuitanitsa mkaka wake wa ana, umene unali utafika m'mayiko oposa 80, makanda atadwala Salmonella. Mu February 2022 ku America kampani ya Abbott inaitanitsanso mkaka wopangidwa pa fakitale yake ya ku Sturgis m'chigawo cha Michigan chifukwa cha nkhawa ya Cronobacter, mpaka mkaka wa ana unasowa m'masitolo a dziko lonselo. N'chifukwa chake a WHO amati madzi osungunulira akhale owiritsa ndipo akhale akadali otentha madigiri osachepera 70, kutanthauza kuti asapitirire mphindi 30 chiphulireni pamoto, kenako uziziritse mkakawo usanam'patse mwana. Wotsala ukatha maola awiri utayidwe. Ndipo kapu ndi yabwino kuposa botolo chifukwa imatsukika paliponse. Ine ndinalakwitsa zonse zitatu. Malangizo ake analembedwa pachitini m'Chingerezi, m'timalemba tating'ono toti munthu wa msinkhu wanga afune magalasi. Ngati zitini zimenezi zikuloledwa kugulitsidwa m'magolosale a kumudzi, bwanji malangizo ake osalembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, m'malemba akuluakulu?

Palinso amayi amene ali ndi HIV amene amathawira kuchitini mwakachetechete poopa kupatsira mwana, nthawi zina mokakamizidwa ndi ife apongozi. Dziko lathu ndi limene linayambitsa mu 2011 ndondomeko ija ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka ayambe kumwa ma ARV moyo wake wonse. Mayi amene akumwa mankhwala ake mokhulupirika amalangizidwa kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba monga wina aliyense. Chimene chimaika mwana pa ngozi ndi kusakaniza, lero bere, mawa chitini, mkuja timadzi ta zitsamba, chifukwa zimenezo zimakanda matumbo a khanda.

Ndibwere kwa agogo anzanga, ndipo ndilankhula monga mmodzi wa inu. Sindikunyoza miyambo yathu. Chikuta chili ndi nzeru yake: chimateteza khanda ku manja ambirimbiri ndi chifuwa cha alendo, ndipo chimapatsa mayi mpumulo. Koma usiku uja ife tinakhala pansi kuzenga mlandu wa tsempho mwana akuola matumbo. Mkamwini wanga anali wosalakwa, ndipo mpaka lero ndikamuona ndimachita manyazi ndi mafunso amene tinamufunsa pamaso pa mkazi wake. Ngakhale amene mumakhulupirira tsempho ndi mtima wonse, ndikukupemphani chinthu chimodzi: mlanduwo mudzazenge mwana ali kale m'manja mwa achipatala. Khanda limene latupa mimba n'kulimba, limene lasanza zobiriwira, limene lili ndi magazi m'chimbudzi ngakhale kamzere kamodzi, limene lasiya kuyamwa, lazizira kapena lafooka, lipite kuchipatala ola lomwelo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya kukugwa mvula. Musalimwetse kanthu panjira, ngakhale madzi. Tengani thewera ndi nsalu imene lasanzirapo kuti adokotala akaone ndi maso awo. Masanzi obiriwira, ngakhale kwa mwana wobadwa masiku okwana ndi wonenepa bwino, amathanso kutanthauza kuti thumbo lapotana kapena latsekeka, ndipo zimenezonso sizidikira m'mawa. Musadzilimbitse mtima kuti mwana analandira katemera wa kutsegula m'mimba. Katemera wa rota amene tinayamba kulandira mu 2012 ndi wabwino, koma amalimbana ndi kachilombo kena, osati mabakiteriya amenewa. Ndipo mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena mwa ife tinaphunzitsidwa kuti ndi wonyansa n'kumaufinyira pansi, ndi umene umakuta matumbo a khanda ndi chitetezo. Ngakhale atakhala madontho atatu, alowe m'kamwa mwa mwana.

Ndaganizapo kwambiri chifukwa chake matenda oopsa chotere sitiwadziwa dzina, pamene malungo, chikuku ndi kolera aliyense amazidziwa. Ndikuona ngati china ndi mmene timaikira makanda. Khanda likamwalira timakaika azimayi okhaokha, mwamsanga, popanda kulira mokweza, ndipo mayi timamuuza kuti alimbe mtima adzabereka wina. Palibe amene amafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Nditabwerera kumudzi n'kuyamba kufotokoza, azimayi atatu osiyana anandiuza kuti wawonso anapita momwemo, mimba itatupa, atasanza zobiriwira. Mmodzi zinamuchitikira zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ndipo nthawi yonseyi ankakhulupirira kuti anamusempha ndi mwamuna wake. Banja lawo linatha chifukwa cha nkhani imeneyo.

Kwa achipatala pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna ndalama zambiri. Potulutsa mwana wa kangaru, musalankhule ndi mayi yekha. Iye amakhala wotopa, ndipo kunyumba mawu ake salemera ngati a apongozi ake kapena a mayi wake. Itanani gadiyani, itananinso bambo. Tiuzeni zizindikiro za m'mimba mofanana ndi mmene mumatiuzira za kufunditsa. Tiuzeni mosapita m'mbali kuti mkaka ukachepa tibwerere kwa inu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu tisanagule chitini. Kapepala kamodzi ka zithunzi komata m'kabuku ka mwana kangakwanire. Ndikudziwa kuti ndinu ochepa ndipo mizere ndi yaitali, koma mphindi zisanu zimenezo zikanandiletsa kugulitsa nkhuku zija. Ndipo a boma akumbukire kuti mwana amene thumbo labooka amafuna dokotala wa opaleshoni ya ana, amene sapezeka pa chipatala chilichonse. Tili ndi chipatala cha Mercy James ku Blantyre chimene chinatsegulidwa mu 2017, ndipo tikuthokoza, koma khanda la ku Chitipa kapena ku Nsanje kuti lifike kumene kuli madokotala otere pamafunika ambulansi yokhala ndi mafuta tsiku lomwelo.

Mdzukulu wanga sanafike pong'ambidwa. Tsiku la 11 anamuyambitsanso mkaka wa mayi wake kudzera m'kachubu, mamililita awiri okha poyamba, namwino akuyang'ana mimba ngati ikutupanso. Anawonjezera pang'onopang'ono, ndipo tinatuluka patatha mwezi wathunthu. Anatichenjeza kuti nthawi zina pamene panali bala m'thumbo pamadzaphinjika pakapita milungu, choncho akayambanso kusanza kapena kutupa tithamange naye. Mpaka lero ndikamunyamula dzanja langa limayamba lapita pamimba pake. Panopa ali ndi miyezi 14, ndi wochepa thupi poyerekeza ndi anzake koma wayamba kuimirira atagwira mpando, ndipo akuyamwabe. Chitini chija ndinachisunga, muli ufa wotsala theka. Lachinayi likubwerali ndikupita nacho ku msonkhano wa amayi kutchalitchi kwathu, pamodzi ndi kabuku kamene dokotala uja analembamo dzina la matendawa, ndipo abusa andipatsa mphindi 20.

Gogo wa mwana wa kangaru,
Chigawo Chapakati